Ngowe Kumapazi

"Tsikani nonse awiri," anatero mayi woyang'anira zachitetezo, atayang'ana m'mwamba.

Ine ndi achimwene tinali pansanja yazitsulo, moyang'anana ndi mawindo a m'mwamba a nyumba imene ankamanga. Linali tsiku lathu loyamba pantchito. Ndinadziyang'ana. Lamba wachitetezo anali wothina bwino, ndipo ngowe ya chingwe ndinali nditaikoleka pachitsulo cha kumapazi, monga anatiphunzitsira.

"Watani iwe?" achimwene anandinong'oneza tikutsika.

"Palibe."

"Ukakhale chete. Woyankha ndine."

Kukhala chete ndiyo ntchito imene ndinkaidziwa kale.

Mayiyo sanakalipe. Anatuma kapitawo kuti abweretse thumba la mchenga, analiveka lamba wanga, amisiri awiri n'kulikweza pomwe ndinaima paja. Ngowe anaikoleka kumapazi.

"Likankheni."

Thumba linagwa, chingwe chikulitsatira mwaulesi, ndipo linafika pansi chingwecho chisanakungike. Linaphulika pamimba. Mchenga unandithira m'nsapato.

"Pepani, aphwanga, mwatisiya," anatero mmisiri wina akuvula chipewa. "Mkazi mwasiyira ndani?"

Anthu anaseka. Mayiyo anadikira mpaka atatha.

"Ngowe imakhala pamwamba pa mutu, kuti munthu akaterereka chingwe chimugwire msanga. Anakuphunzitsani ndani?"

"Masatifiketi tili nawo, mayi," anatero achimwene. "Mafotokope tinapereka ku ofesi."

"Ndawaona. Ngokongola. Ine ndikufunsa munthu."

Munthuyo tinkamutcha a Chisoti, chifukwa chisoti chawo choyera sankachivula, ngakhale m'garaja momwe ankaphunzitsiramo. Anali mnzawo wa amalume. M'garajamo munalibe nsanja. Lamba anali mmodzi yekha, tinkavala mosinthana, ndipo aliyense ankawerama n'kukoleka ngowe pamwendo wa tebulo. Iwo amvekere, "Wakhoza, wotsatira." Tonse tinakhoza.

Achimwene anandiponda phazi. Akazi awo anali ndi pakati, ndipo ntchito anali ataifunafuna mpaka nsapato kutha. Ndinkadziwa zimenezo. Koma maso anga sankachoka pathumba lija, lamba wanga akadali m'chiuno mwake.

"A Chisoti," ndinatero. "Kugaraja ya kuseri kwa msika."

Mayiyo anaimbira foni ku ofesi imene imalembetsa aphunzitsi ovomerezeka. Anatchula dzina lenileni la a Chisoti monga linalembedwera pamasatifiketi athu, anabwereza, kenako anangomvetsera. Atadula foni anatiyang'ana opanda mkwiyo.

"Sakumudziwa. Simungakwerenso pansanja pano mpaka mutaphunzira kwa munthu wovomerezeka. Ndipo musanalembetse, muziyamba mwaimba kaye kumeneku."

"Malo athu mutisungira, bwana?" achimwene anafunsa kapitawo.

Kapitawo anakanda m'mutu. "Simenti ikasakanizidwa siidikira munthu, achimwene."

Tinavula zipewa, tinabweza malamba. Panjira achimwene anali patsogolo, ine pambuyo. Tinadutsa pasiteji ya minibasi osakwera. Titafika pamlatho anatembenuka.

"Kusukulu aphunzitsi ankachita kukupempha kuti uyankhule. Lero pakamwa patseguka."

Ndinayang'ana madzi pansi pa mlathowo.

"Unali pamwamba kuposa ine," anatero achimwene, maso ali kwina. "Ndinaona mmene thumba lija linagwera."

Tinapitiriza ulendo mpaka kunyumba.

Tinapeza amayi ataimirira pampando pabalaza, msomali uli kukamwa, nyundo ili m'manja. Alamu anali atawagwirira mpandowo ndi dzanja limodzi, lina lili pamsana. Masatifiketi athu anali atawaika m'mafelemu agalasi, ndipo limodzi linali litapachikidwa kale pambali pa chithunzi cha malemu bambo.

"Mwaweruka msanga, mabwana," anatero amayi atachotsa msomali. Anakhoma, anapachika linalo. "Tandiyang'anirani, awongoka?"

Achimwene anaima pakhomo nthawi yaitali, chikwama cha chakudya chosatsegula chili m'manja.

"Kwezani pang'ono kumanzereko, amayi," anatero.