Moto Umodzi Wokha

Bwalo la ndege la kumunsi kwa Domwe silinali loti munthu n'kulitchula mokweza mawu. Unali mzere wafumbi wotambalala womwe anthu ankautcha pisita, ndipo m'mbali mwake munali kansanja ka njerwa ka makwerero achitsulo. M'kansanjamo ndimo a Custódio Ngozo anakalambira, iwo ndi radiyo yawo. Ntchito yawo inali kulankhula ndi ndege: kuiuza komwe mphepo ikuchokera, kuitsimikizira kuti mbuzi zapirikitsidwa, ndipo nkhondo itafika, kuiuzanso kuti pansi pano pali bata. Masiku amenewo pilotu aliyense ankafuna kumva mawu a munthu asanatere, chifukwa mudzi womwe dzulo unali wa boma unkatha kudzuka uli m'manja mwa matsanga, zigawenga zija za m'tchire.

Ndiye kunabwera chaka chija boma linati thumba labooka. Akuluakulu a ku likulu anati nsanja zing'onozing'ono zawalemera, azizisamala ndi a provinsiya. A provinsiya anazilandira ndi manja awiri, pamsonkhano, anthu akuomba m'manja. Atafika kwawo anazipatsira a disitiritu. A disitiritu anasuzumira kumbuyo kwawo, anapeza kuti kulibenso wina womupatsira, ndiye anangokhala chete. Malipiro a a Custódio ndiwo anayamba kufa, bateriya ya radiyo n'kutsatira. Akapita kukapempha ina ankauzidwa kuti nkhaniyo ikuonedwa, ndipo inaonedwadi mpaka maso a oonawo anatopa.

Mkuluyo sanachoke. Analima kachewere m'mphepete mwa pisita, n'kumakwerabe makwerero m'mawa uliwonse kukapukuta fumbi pa radiyo yosalankhula. Ndi mapilotu akale anapangana njira ina: radiyo ikakhala duu, iwo aziyatsa moto umodzi kumapeto kwa pisita, n'kuthirapo masamba aawisi. Utsiwo unkasonyeza mphepo, unkanenanso kuti mwini nsanja alipo ndipo ali moyo. Ndege zingapo zinatera motero, kenaka zinayamba kusowa.

A Custódio anali ndi mwana mmodzi wotsala, Violeta. Mayi ake anamwalira kale, mwamuna wake anagwidwa pamsewu wa ku Lifidzi osabweranso, ndipo iye anatsala ndi pakati poyamba. Matenda atamuyamba, m'mwezi wa dzuwa uja udzu umathetheka ukaupondapo, anavutika mpaka namwino wa pakachipatala anatuluka n'kunena zoona: mwana wapingasa, apa pafunika mpeni wa dotolo. Dotolo m'dera lonselo munalibe, anathawa kalekale.

Njira zinali ziwiri. Ina inali kumunyamula pa machila n'kudzera m'tinjira ta m'mapiri mpaka ku Dedza, popeza msewu wa ku Kalomwe unali ndi mabomba okwirira. Ina inali ndege. Radiyo ya asilikali a boma, omwe anali ndi msasa chapatali pang'ono ndi mudziwo, sinkamvana ndi ndege, koma ku Tete inkafika, ndipo komandante wawo atafunsa anayankhidwa kuti Lamulungu m'mawa kudutsa ndege ya mankhwala. Ikaona kuti pansi pali bwino, itera.

A Caetano, katekisita wa pamudzipo, ndiwo anaimirira Violeta pa ubatizo, choncho iwo ndi a Custódio ankaitanana kuti akumpadre. A Caetano sanafune zodikira.

“Akumpadre, fodya wako ndi uyo ali pamphuno,” anatero. “Anyamata alipo, machila alipo. Tinyamuke lero lomwe.”

“Mwana ali chonchi, mukam'gwedeze m'miyala tsiku lathunthu? Ndege ndaziteretsa kuyambira muli ndi tsitsi, akumpadre. Iyi yokha ndiye indikanike?”

Munali chikondi m'mawu amenewo, koma munalinso kunyada, tisabise. Munthu amene boma linamutaya ngati chitsononkho ankafuna kuti tsiku limodzi lokha kansanja kake kagwirire ntchito magazi ake. Anangopempha a Caetano kuti awapezere nkhuni ndi masamba aawisi, chifukwa ndege siitera popanda utsi. Zoti moto uyenera kukhala umodzi sananene. Kwa iwo chinali chinthu chodziwikiratu, ngati kuuza munthu kuti khasu agwire kumpini.

Lamulungu mapemphero atatha, a Caetano anaimirira n'kulengeza kuti mwana wathu Violeta ali pakati pa moyo ndi imfa, ndege ikubwera, koma siitera popanda utsi. Anthu a kumeneko ukawauza kuti mnzawo wavutika safunsa kawiri. Violeta ndiye ankatsogolera nyimbo m'tchalitchimo, ndiye ankalembera akazi okalamba mawu opita kwa ana awo othawira ku Malawi. Aliyense potuluka ankadzifunsa funso lanzeru ndithu: kautsi ka nkhalamba imodzi kangaoneke bwanji kumwamba konse kuja? Mutu umodzi susenza denga. Mapesi anali ataunjikidwa kale m'minda, ndipo aliyense anathamangira ku mulu wake ndi chikuni m'manja.

Kulira kwa ndege kutamveka kumwera, a Custódio anayatsa moto wawo, anathira masamba, utsi woyera n'kupendekera bwinobwino kumadzulo. Anakwera makwerero mtima uli m'malo. Atafika pamwamba anaona utsi wina kuseri kwa tchalitchi. Wina unatuluka kudambo, wina pachulu, wina m'munda mwa a Caetano enieniwo. Mphepo inatola moto wa m'minda n'kuuponya m'tchire, ndipo posakhalitsa mudzi wonse unazingidwa. Amuna anali kuthamangira kupisita, makasu ndi zikwanje zili pamapewa, kuti akalandire ndege. Akazi ankakupiza zitenje uku akufuula. Pakati pawo anyamata anayi ankathamanga ndi machila, munthu atagona pamenepo.

Pamwamba pa nsanja, mkuluyo anaona chimene pilotu ankaona. Anali atachionapo kale ndi maso ake, tsiku limene matsanga anatentha mudzi wa kutsidya: utsi mbali zonse, amuna onyamula zinthu pamapewa, akazi akukuwa, wovulala pa machila. Panalibe kusiyana ngakhale pang'ono.

Anakuwa kuti zimitsani, koma anthu anayesa akuwalimbikitsa, ena n'kuwonjezera mapesi. Pamenepo anachita chinthu chimene munthu wanzeru zake sachita. Anagwira cholankhulira cha radiyo yakufa ija, anadina, n'kuyamba kuiuza ndegeyo m'Chipwitikizi chake chantchito, mawu osanjenjemera: mphepo ikuchokera kum'mawa, pisita ndi youma, pansi pali bata, terani. Anabwereza. Mawu atatu okha akanakwana, akanakhala ndi podzera.

Ndegeyo inazungulira patali, inapendeka phiko ngati ikuyang'anitsitsa, kenaka inakwera n'kulunjika komwe inkapita.

A Custódio anatsika makwerero. Anthu anali atangoima, ena zitenje zidakali m'mwamba. Machila anali atatulidwa mumthunzi wa nsanja, ndipo Violeta, milomo itauma, anatsegula maso.

“Ababa, ikukatembenuka kuti itere bwino, eti?”

“Eya, Nangozo,” anayankha pomutchula mfunda. “Koma ife titsogoleko pang'ono.”

Ananyamuka dzuwa lili pamutu, ulendo womwe ukanayambika dzulo lake. A Caetano sananene kuti ndinakuuzani. Anagwira mtengo wa machila kutsogolo, ndipo sanalole wina kuwalandira mpaka phewa linasupuka. Violeta anasiya kubuula atawoloka kamtsinje kena, phiri la Dedza likuoneka poteropo. Anatembenuka naye pomwepo, iye ndi mwana yemwe sanaone dzuwa.

Pa maliro anthu anabwera onse, akazi atasenza ufa ndi nkhuni monga mwa mwambo, koma palibe amene ankayang'ana a Custódio kumaso. Iwo anafuna kuwada anthuwo, anayesetsa ndithu, koma chidani sichinkagwira. Ungamude bwanji munthu amene anatentha mapesi ake, ena mpaka nkhokwe kupsa, kuti apulumutse mwana wako? Mkwiyo wawo unali ndi eni ake, koma eni akewo anali kutali, m'maofesi, ndipo mwina sankadziwa n'komwe kuti kuli munthu wotchedwa Violeta.

Manda asanaume komandante anabwera ndi asilikali awiri. Anapepesa mwachidule, n'kuwatengera a Custódio pambali. Pilotu anali atakanena ku Tete kuti bwalo laukiridwa, ndipo akuluakulu ankafuna kudziwa amene anayatsa moto. Ngati anali anthu a m'mudzi, anatero komandante, ndiye kuti ankapereka chizindikiro kwa adani, ndipo iye ankawafuna mayina awo. Ngati anali matsanga, bwalo lilembedwa kuti lawonongedwa ndi nkhondo, litsekedwa, a provinsiya asavutikenso nalo.

Mkuluyo ankadziwa chomwe chimachitikira munthu wotengedwa ndi asilikali pa mlandu wotere. Anayang'ana kusiwa. A Caetano anali atakhala pa mphasa, phewa litamangidwa chiguduli. Anyamata a machila anali kutsuka makasu a kumanda. Anadziwanso kuti yankho linalo, loti anali matsanga, likasambitsa m'manja onse amene anapatsirana nsanja yake mpaka kuisiya yopanda mawu, ndipo pa imfa ya mwana wake sipadzapezeka wolakwa wina koma nkhondo.

“Oyatsa motowo munawaona ndi maso anu, a Ngozo?” anafunsa komandante.

“Ndinali pamwamba, ndinaona zonse. Anali matsanga.”

Komandante anagwedeza mutu mokhutira, anawagwira dzanja, n'kunena kuti akuluakulu ayamikira kulimba mtima kwawo. A Custódio anabwerera kusiwa, anakhala pansi pambali pa a Caetano.