Chidindo cha Chala pa Pulosesa

Fakiri ankakonza mawailesi pakhonde la sitolo yakale ya bambo ake pa boma la Nkhotakota, ndipo chaka cha 2003 ndi pamene anayamba kugwiragwira makompyuta. Yoyamba inali ya mchemwali wake Mwajuma, amene ankataipira anthu makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati ndi malamulo a timabungwe timene tinkaphuka ngati bowa chibwerereni matipate. Kompyutayo inazima mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Fakiri ataitsegula anapeza kuti pulosesa, kachitsulo kamene kamaganizira makina onsewo, kapsa.

Ku Lilongwe sikanapezeke kofanana nako. Ndiye Fidelis, mphunzitsi wa ku Benga amene ankadziwa za intaneti, anakaitanitsa kwa ogulitsa ena a kunja, mothandizidwa ndi mnzake amene ankaphunzira komweko. Fidelis anabwera ndi pepala lokhala ndi chithunzi cha kachitsuloko, pansi pake atalemba kuti n'katsopano.

Fakiri anadikira masabata asanu ndi awiri. Masana ntchito ikachepa ankayang'ana tizilombo ta nkhungu tikufuka panyanja ngati utsi, n'kumaona m'maganizo kaphukusi kake kakudutsa m'mitambo, kakupumira m'mizinda imene mayina ake ankangowamva pa wailesi.

Kanafika Lachisanu. Atatuluka mumzikiti anadzera ku positi ofesi, n'kukatsegulira pakhonde pake. Bokosi linali lomatidwa bwino, lonunkhira chilendo. Koma ataika kachitsuloko pansi pa galasi lake lokulitsira zinthu, anaona phala lotuwa, lija amapaka poika pulosesa m'makina, litauma m'mphepete, kamodzi mwa timiyendo take katapindika, ndipo pakona panali chidindo cha chala cha munthu.

Ankaganiza kuti apsa mtima, koma mtima sunapse. Anangoyang'anitsitsa mizere ya chalacho, yozungulirazungulira ngati madzi a pachithaphwi mukaponyamo kamwala. Mwini wake anali ndani? Mwina mayi wa magalasi m'chipinda chozizira, mazenera ali ndi nkhungu ya chisanu. Mwina nkhalamba yolembera makalata mwana wake wakutali. Kachitsuloka kanali katanyamulapo mawu a anthu ena, chimwemwe chawo ndi madandaulo awo, ndipo tsopano kanali kudzalembera makalata asodzi a ku Kanyenda. Mthunzi unasuntha pakhonde, munthu wina anaima ndi wailesi yake mpaka kutopa n'kumapita, Fakiri osamuona.

Kenaka anatenga singano, nawongola kamwendoko atagwira mpweya. Anapukuta phala lakalelo, chala chija n'kufufutika nalo limodzi, ndipo anamva kachisoni kosadziwika bwino. Atakaika m'malo mwake, kompyuta inalira kamodzi n'kuyaka.

Mwajuma anali atayamba kale kuuza anansi kuti makina ake ali ndi ubongo watsopano. Fakiri anafuna kungozisiya choncho, koma zinamulemera.

"Achemwali, kameneka si katsopano. Kanagwirapo ntchito kwina."

Mwajuma anachotsa manja pa mabatani. "Wa kaunjika amanena poyera kuti akugulitsa kaunjika, achimwene, ndipo timavala osadandaula. Nanga awa anamiziranji?"

Anataipa yekha kalata yodandaula pa kompyuta yomweyo, ndipo Fidelis anakaitumiza pa imelo. Yankho linabwera patatha mwezi, lolembedwa ndi mayi wina dzina lake Leah. Anafotokoza kuti katundu amene ogula abweza amamuyesa n'kumuikanso m'mabokosi, ndipo kameneka kanasokonekera pakati pa zatsopano. Anapepesa, n'kunena kuti akabweza adzawatumizira kena. Mwajuma anakana. Ana anali atangomaliza mayeso, ofuna makalata a ntchito ankadzaza pabenchi, ndipo sakanatha kukhalanso miyezi iwiri makina ali zii.

M'mawa mwake kunabwera a Abdulhamid, msodzi wokalamba, kudzatenga wailesi yawo. Fakiri anaipereka, kenaka anawauza chimene sankauza munthu aliyense: kuti sipika imene waikamo anaichotsa m'wailesi ina yakufa. Mkuluyo anaiyatsa, naiika kukhutu, n'kufunsa kuti inali ya yani. Fakiri anati inali ya munthu wodula nzimbe ku Dwangwa, amene anabwerera kwawo ku Rumphi osadzaitenga.

A Abdulhamid anamvetsera kanthawi maso atatsinzina.

"N'chifukwa chake nyimbo za kumpoto zikutuluka bwino chonchi," anatero, n'kutsika masitepe wailesi ili kukhutu, kulowera njira ya kudooko.