Pa Yanga Zikuyenda

Ine Kibwana, ntchito yanga kuno ku Dar es Salaam ndi yolemba makodi a mawebusaiti, ndipo matenda anga ndi kudzimva. Bungwe la kwathu ku Mtwara la alimi a korosho, mtedza wa kashu uja, litatipatsa ntchito yokonza tsamba lolembetsera mbande, ndinalimaliza m'masiku asanu. Bambo anga, a Mzee Mnali, ndi membala wa bungwelo, ndipo anali atalengeza kale mudzi wonse kuti tsambalo likupangidwa ndi mwana wawo.

Zuhura, mnzanga amene amayesa masamba athu pa mabulawuza osiyanasiyana, mapulogalamu otsegulira masamba a pa intaneti aja, anabwera ndi kafoni kong'aluka galasi.

"Kibwana, pa bulawuza yakale iyi batani lako silikudinika."

"Pa yanga zikuyenda," ndinatero.

"Ndiye alimi onse azibwera kudzalembetsera pa laputopu yakoyo?"

Zinandiwawa. Batanilo ndinalikonza, koma pofuna kumubwezera ndinaikamo mzere wina, woti bulawuza ikakhala yakale pazituluka mawu akuti: "Gula foni yeniyeni, mshamba iwe!" Mshamba pa Chiswahili ndi munthu wotsalira wakumudzi. Zuhura atawaona mawuwo anaseka, kenako anati ndiwachotse. Ndinati ndichotsa. Mawa lake ndinayesa tsamba lonse pa laputopu yanga, mawuwo sanatuluke, ine n'kuiwaliratu.

Tsiku lokhazikitsa tsambalo ndinapita ku Mtwara nditatchena. Alimi anadzaza shedi. Wapampando anati woyamba kulembetsa akhale bambo a katswiriyo, anthu n'kuwomba m'manja. Bambo anatulutsa foni m'thumba la kanzu, mkanjo wawo wautali uja, nalemba dzina lawo pang'onopang'ono ndi chala chimodzi. Atadina batani anatsinzinira.

"Pabwera mawu, koma maso angawa. Tawerengani, a pampando."

Wapampando anawerenga pa chimkuzamawu, mokweza, mpaka pa "mshamba iwe". Palibe anaseka, ndipo bola akanaseka. Anthu amene ndinawatcha otsalira akumudzi ndi omwe anandilera. Manyazi anandigwira moti ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Bambo anaitenganso foniyo, naipukuta ndi mkono wa kanzu.

"Foni iyi anandipatsa ndi yemweyu, atagula yake yatsopano," anauza anthuwo modekha.

Kenako anabwera pomwe ndinakhala, nandipatsira ndi manja awiri.

"Mwanangu, mbandezo ndikuzifunabe. Tandionetsa, mshambayo adine pati?"