Mapiritsi pa Mwala Wonolera

"Akulu, nkhumbayi munaipha ndi mpeni kapena ndi mchere?" anafunsa woyendetsa njinga yamoto wina akulavula. Anthu pabenchi anafa nalo phwete.

Tusekile sanaseke. Mwamuna wake, Asajile, anali atakazinga nkhumba ndi nthochi pamsika wa ku Mbeya zaka makumi atatu, dzanja lake osaphonyapo mchere. Koma sabata imeneyo aka kanali kachitatu kuchulutsa mchere, ndipo dzulo lake anamupeza ataima pamphambano, njira ya kwawo itamusokonekera. Tusekile anachita mantha, ndipo kutacha anamukokera kuchipatala ngati mbuzi yokana chingwe.

Dokotala anatsegula kabuku ka Asajile n'kupukusa mutu. "Mafuta a m'magazi anuwa chaka chatha anatsika, anakwera, anatsikanso, lero ali kumwamba. Mapiritsi aja mumamwa?"

"Thupi likalemera ndimamwa. Likapepuka ndimasiya. Munthu wabwinobwino amwerenji mankhwala?"

"Auzeninso za nthuli yonona imene mumalawa pachiwaya chilichonse," anatero Tusekile.

"Nanga ndigulitse chosalawa?"

"Kukwera ndi kutsika kotereku nthawi zina kumayendera limodzi ndi kuiwala kwa anthu achikulire," anatero dokotala. "Sindikulonjezani kuti zimene zatayika zibwerera. Koma zotsalazo tizilimbanire."

Panjira Tusekile sanalire. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Anayamba kusinkhasinkha chimene bamboyu sanaiwalepo, ndipo anachipeza: m'mawa uliwonse, asanasambe n'komwe, ankanola mpeni wake. Atafika kunyumba anatenga mpira wa chubu n'kumangirira kabotolo ka mapiritsi pamwala wonolera.

"Kuyambira lero mpeni sunoledwa piritsi lisanamezedwe. Mchere ndizithira ndine. Wolawanso ndine."

"Ehe, wapezerapo mwayi! Unenepa mpaka chitseko chikukane."

"Chikandikana mudzakulitsa ndinu, a bambo a Lugano. Bola mudzandidziwe ndikamalowa."

Mawa lake Asajile anawerama pamwala paja n'kukwinya nkhope. "Wamangirira kabotoloka pano ndani?"

Tusekile anamufotokozera zonse. Mkuja wake anafunsanso chimodzimodzi. Tsiku lachitatu atafunsanso, mtima wa Tusekile unawawa kwambiri, koma anabwera ndi kapu ya madzi n'kuyankha ngati akumva funsolo koyamba.

"Ndine, Tusekile, mkazi wanu. Mezani, makasitomala akudikira."

Asajile anameza, n'kuyamba kunola.