Manja Kumbuyo

Chimakina cha bwana Delattre chimati chikadzuka, amuna anayi ankachigwira m'makona kuti chisapendekeke. Umu ndi momwe ankayesera helikopita masiku amenewo: mapiko azungulire pamwamba, fumbi libuke m'munda wa tirigu, chikwere kufika m'chiuno, ogwira achibwezere pansi. Fulbert ankagwira kona ya kumanzere. Pampando pankakhala mng'ono wake Anselme, yemwe anamusankha chifukwa chochepa thupi basi.

Tsiku lomwe kunabwera oweruza a za ndege ochokera ku Paris, bwana anawauziratu anyamata ake kuti ndege yogwiridwa ndi munthu sailemba kuti yauluka. "Ndikakweza chipewa, nonse manja kumbuyo. Mwamva?"

"Achimwene, lero musandilere ngati khanda," anatero Anselme akuseka. "Mano ndinamera kalekale ine."

Fulbert sanaseke. Sabata yathayo anali ataona phiko likuthothoka n'kukadula mtengo wa mpanda ngati phesi, ndipo mtima unali usanakhale m'malo.

Injini inabangula, chimakina chinadzuka, chipewa chinakwera. Atatu aja anasiya. Koma chitsulocho chitangopendekera pang'ono kumanzere, zala za Fulbert zinakana. Anakakamira, chikumukoka mpaka zidendene kuchoka pansi, bwana akukuwa kuti, "Siya, chitsiru iwe! Siya!"

Oweruza sanataye nthawi. Anati aona munthu atagwira, n'kuthamangira sitima ya masana. Akuluakulu otere, ulendo wonsewo, kulephera kudikira kuti ayesenso! Mwezi usanathe bwana anatseka shedi yosungiramo chimakinacho, ndipo amene anadzauluka popanda wogwira anali wina, kwina.

Madzulo a tsiku lomwe kunabwera oweruzalo Fulbert anamutsatira mng'ono wake kuseri kwa shedi. "Ukanafa, Anselme."

"Mukudziwa bwanji?"

Sankadziwa. Palibe ankadziwa, ndipo chowawa chinali chomwecho.

"Ndikanafa, dzina langa likanamveka mpaka ku Paris," anatero Anselme, maso ali psuu. "Nanga pano ndine ndani? Kamunthu kochepa thupi."

Anselme anakalambira ku fakitale ya shuga, nyumba yake moyang'anizana ndi ya mkulu wake, osamupatsako moni ngakhale pa Khirisimasi. M'mawa uliwonse Fulbert ankaima pawindo kumuona akudutsa, wamoyo, miyendo yonse iwiri, nkhope atayang'ana kumbali. Kumuona ali moyo choncho, malipiro a Fulbert anali omwewo.