Zidindo Zomata ndi Guluu

Felistus anali atagwira ntchito zaka ziwiri m'shopu ya njuga ya ba Kapambwe, kuseri kwa msika wa ku Kanyama. Shopuyo inali yovomerezeka. Laisensi inali m'felemu pakhoma, ndipo makina onse a bonanza anali ndi chidindo cha boma kumbuyo.

Lolemba lina m'mawa, asanatsegule, ba Kapambwe anafika ndi munthu wonyamula chikwama cha masipanala. Munthuyo anamatula zidindo, nagwiragwira m'kati mwa makina, n'kuzimatanso ndi guluu.

"Sunaone vilivonse," anatero ba Kapambwe. "Kuyambila lelo ndiwe manijala. Saina apa."

Felistus anasaina. Ntchito ku Kanyama satola pansi.

Kuchokera tsikulo makina ankangomeza ndalama, osalavula. Chimene chinkamudya mtima chinali mlongo wake wamkulu, Wilbroad, wokankha wilibala, yemwe masana aliwonse ankabwera thukuta lili kamukamu n'kukhala pa makina apakona.

"Ba Wilbroad, lekani," anamunong'oneza tsiku lina. "Vimakina ivi banavisokoneza. Simuzawina."

"Iwe udyela pamene pano, manje ufuna kunitsekela mwayi?" anayankha Wilbroad, maso ali pa zipatso zozungulira pagalasi.

Oyendera a boma anabwera mvula itayamba. Mayi wina wa magalasi anazungulira kuseri kwa makina, nakanda chidindo ndi chikhadabo. Chinagwa ngati nkhanambo.

"Manijala ni ndani?"

Felistus anaimbira ba Kapambwe katatu. Foni inali yozima. Pepala lomwe anasaina lija linali m'kabati, lili ndi dzina lake, lolembedwa ndi dzanja lake lomwe. Anamukweza m'lole pamodzi ndi makinawo, amayi ogulitsa tomato akuyang'ana.

Kukhoti ba Kapambwe anaonekera atavala suti, nalumbira kuti mwezi wonsewo anali kumudzi ku Petauke, shopu anasiyira manijala. Khoti linangowalanda laisensi. Felistus anakasewenza miyezi isanu ndi umodzi m'ndende.

Atatuluka anamva kuti ba Kapambwe atsegula shopu ina ku Matero, m'dzina la akazi awo. Wilbroad anabwera kudzamuona ndi buledi m'manja, wowonda, wilibala atagulitsa kalekale. Anakhala pakhomo akufukula dothi ndi chala chaphazi.

"Mlongo wanga," anatero potsiriza, "iwe ubaziba baja. Vimakina vija va ku Matero, navo banavisokoneza?"

Felistus anatenga bulediyo, nalowa m'nyumba.