Wawo Anamuvula Nsapato, Wanga Anamuveka

Achimwene anga a Moffat anafika Loweruka, sukulu zitangotsekera. Galimoto anaisiya kumsewu wa ku Chezi chifukwa kwathu kuno n'kumtunda, miyala yokhayokha. Anakwera wapansi, kumbuyo kwawo kuli alamu anga ndi mwana wawo Promise, wofanana msinkhu ndi Luckness wanga. Onse ali Sitandade 2.

Ndinawayalira mphasa, koma alamu sanakhale n'komwe. Anayamba kuzungulira pakhomo foni ili m'manja, kujambula nkhokwe, khola la nkhunda, mpaka mbatata zimene ndinakumba m'mawa, dothi lake lomwe.

"Amake Luckness, inu ndiye muli pa moyo weniweni," anatero. "Mpweya wabwino, zakudya zopanda mankhwala. Ife kutauni tikungodya poizoni."

Ndinati zikomo, ngakhale kabichi wanga ndimapopera ngati wina aliyense.

Kenaka alamu anagwada n'kumuvula Promise nsapato, n'kuziponya m'chikwama chawo. Akuti anamva pa foni kuti mwana akamaponda dothi thupi limalimba. M'chikwama chomwecho anatulutsamo nsapato zina, zakuda, zatsopano, n'kuitana Luckness.

"Bwera ndikuveke. Ku Lilongwe sungapite chonchi, anthu angatiseke."

"Ku Lilongwe kukatani?" ndinafunsa.

Achimwene anatsokomola kaye. "Ester, takhala pansi. Taganiza kuti Promise atsale kuno tchuthi chonsechi. Sadya, wafooka, amangokhalira TV. Aphunzireko moyo. Luckness timutenge, akayambe sukulu yabwino."

"Nayenso tchuthi chokha?"

"Ayi, iyeyo mpaka adzamalize. Azibwera pa Khirisimasi."

Ndinayang'ana ana awiriwo. Wina waima atapinda zala zakuphazi ngati waponda moto, wina akugogoda pansi kuti amve kulira kwa nsapato.

"Pepani achimwene, mwina ndi sukulu yanga yochepayi. Kuno n'kwabwino kapena n'koipa?"

"N'kwabwino kwambiri!" anayankha alamu.

"Nanga wanga mukumuchotseranji?"

"Si malo okulira mwana," anatero achimwene.

"Promise si mwana?"

"Iwe, usakokere nkhani. Umangofuna makani ngati kale."

Ndinazembera kuseri kwa khitchini n'kuimbira amuna anga a Yoswa, amene amapalasa kabaza ku Dzaleka. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Amenewo ndi amalume ake. Ine mkamwini ndinganene chiyani? Uone wekha," anatero, n'kudula, akuti apeza kasitomala.

Ndinakhala pa mtondo, mutu uli balala. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 7, mimba ya Luckness yemweyu. Kusukulu yathu ana amakhala pansi, ndipo mphunzitsi sangawadziwe onse maina. Ndimafuna mwana wanga adzapitirire pamene ndinalekezapo, mwinanso kuposa mmene amafunira achimwene. Mtima wina unkati musiye apite, ukumusungira chiyani, mbuzi? Wina unkati mwana amene sanagonepo kunja kwa nyumba ino akakadzuka akulira adzamumva ndani?

Nditabwerera ndinapeza achimwene ayamba kale kufunsa komwe kuli zovala zake.

"Ester, tinene zoona," anatero. "Ungamuphunzitse chiyani iwe? Akabwera ndi ntchito ya Chingerezi ungamuthandize?"

"Kuwerenga ndinamuphunzitsa ndine. Pa matumba a feteleza."

Alamu anaomba m'manja. "Ayi ndithu, zokongola bwanji! Tabwerezani mawu amenewo ndijambule. Anzanga kuofesi akamva asirira."

"Wamva?" anatero achimwene kwa akazi awo, akupukusa mutu. "Matumba a feteleza. N'zimene ndimanena zija."

Apa ndiye zinandisokoneza zenizeni. Chinthu chimodzi chomwecho, wina akuchiombera m'manja, wina akuchita nacho manyazi, ndipo anthu ake abwera pa galimoto imodzi. Ndikwiyire uti? Ndithokoze uti?

Luckness anabwera n'kundigwira chitenje.

"Amayi, inunso mupita?"

Alamu anayang'ana foni, achimwene anayang'ana phiri. Ndinazindikira kuti tonse takambirana za iye, mpaka bambo ake ali ku Dzaleka, koma mwini wake ankaganiza kuti ndi ulendo wokakwera galimoto basi.

"Sapita," ndinatero. Mawuwo anatuluka okha ndisanamalize kuganiza. "Akadzafika Sitandade 8 mudzabwerenso, adzayankha ndi pakamwa pake."

"Ukumutsekera mwana tsogolo," anatero achimwene, "monga unadzitsekera wekha."

Zinandilasa.

"Mwina," ndinatero.

Ndinkayesa kuti ndi mkwiyo umenewo amutenga Promise. Ayi. Alamu anali ndi maphunziro a kuntchito ku Mponela, ndipo wantchito wawo anali atapita kwawo. Anamupsompsona, anandiuza kuti ndisamamupatse shuga wambiri, ngati kuti ndili naye, n'kutsetsereka. Achimwene sanatsanzike.

Dzuwa litapendeka ndinatenga anawo kupita kudimba kukathirira. Luckness anali patsogolo, akuponda mwamphamvu kuti aliyense aone. Promise anali kumbuyo, akudumphadumpha. Tisanafike pamtsinje anakhala pansi n'kuyamba kulira, chala chikutuluka magazi. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti nsapato zake zapita ndi chikwama cha amake.

Ndinamutsuka chalacho. Kenaka ndinaitana Luckness.

"Vula."

"Koma n'zanga! Andipatsa ine!"

"Iwe mapazi ako anazolowera. Vula, mbewu zikufota."

Ndinamuveka Promise, zinamukwana bwinobwino. Luckness analira njira yonse, analira tikuthirira, analira tikubwerera. Kaya ankalirira nsapato kaya Lilongwe, sindikudziwa. Sindinamufunse. Ndinaopa kuti andiyankha.